Pamene Panagwa Khola

Pa famu, kumpoto kwa Brampton
9 Febuluwale 1997

Wokondedwa mng'ono wanga Justin,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu ndi ana onse ku Katete. Ine ndilipo kuno ku Canada, kungoti kuzizira kwandidzutsira chifuwa. Mwana wathu Priscilla ali bwino, ngakhale pakati pakumuvuta. Miyendo yatupa ndipo adokotala amuletsa kuima nthawi yaitali. Akamwini, aSydney, amalawirira kuntchito ku Brampton ndipo amabwera atatopa.

Chimene ndakulembera ndi ichi. Khola la mbuzi lagwa. Chipale chofewa, chimene kuno amati sinoo, chinaunjikana padenga mpaka denga linakhala pansi. Mbuzi tinazitulutsa zamoyo, kupatula kamwana kamodzi kamene kanapsinjika. Tsopano zikugona m'galaja, galimoto ikugona panja. Fungo likulowa mpaka m'nyumba, ndipo Priscilla akalimva amasanza.

ASydney agula kale matabwa ndi malata, aunjika kuseri kwa nyumba. Ndinawamva akuuza Priscilla kuti adikira nthaka ifewe, ndiponso kuti pali za mapepala. Sindinafunse kuti mapepala ake ati. Ukudziwa iwe, munthu sungamukhazike pansi mkamwini n'kumamufunsa mafunso ngati wapolisi. Tikakumana pakhomo timapatsana moni, iwo maso pansi, inenso maso pansi.

Chikundidya mtima n'chakuti kuno ndimangodya. Chimwalirire mayi ake, Priscilla ananditenga kuti ndisakhale ndekha, koma ndasanduka mpando wa m'nyumba. Anthu a kutchalitchi akabwera amafunsa kuti, “Madala akupuma bwino?” Ndipume chiyani, ndatopa ndi chiyani? Ndikuganiza zoti kholali ndimange ine. Koma ndikuopa. Ndikamanga, sadzati ndikuwalanda mudzi? Ndikasiya, sadzati mdala uyu ndi waulesi? Tulo sindikupeza bwino.

Undiuze maganizo ako. Undiuzenso za mvula, ndi ng'ombe yanga ija yothyoka nyanga ngati inabereka.

Ndine mkulu wako,
Laban


Katete
12 Malichi 1997

Akulu anga,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndawerengera onse pakhonde. Tili bwino tonse. Mvula yagwa yokwanira, dowe tayamba kuotcha. Ng'ombe yanu inabereka mwana wamphongo, wofiira ngati amake.

Koma inu akulu, nkhawa simunasiyebe? Munali choncho kuyambira ku ubusa, mitambo isanabwere inu mwayamba kale kudandaula za matope. Mangani kholalo! Ndi mkamwini wanji amene angakwiye poona apongozi amumangira khola? Adzakugulirani jekete ameneyo.

Chinthu chimodzi chokha. Musamange pamene panagwa lakalelo. Mwaiwala mmene ankachitira atate? Khola likagwa kapena likadzaza ndowe, ankazika latsopano pena, pakalepo n'kubzalapo maungu ndi fodya. Ndiponso pamene pafera chiweto sabwezapo zinzake. Sankhani malo apafupi ndi madzi kuti musamavutike kutunga, msana wanuwo ndimaudziwa.

M'kalata muno ndaikamo njere za maungu. Ndi mbewu ya malemu mlamu, aja okoma ngati mbatata. Mubzale pa khola lakalelo, kuti Priscilla akachira adye chibwabwa cha mayi ake.

Za mapepala musavutike nazo. Amenewo ndi malisiti a malata. Ndani analembapo pepala chifukwa cha mbuzi?

Mukapeza wobwera kuno, jekete ija munandilonjeza ine musaiwale. Juni ali pafupi.

Mng'ono wanu,
Justin


Pa famu
25 Meyi 1997

Wokondedwa Justin,

Moni kwa nonse. Khola ndamanga. Ndikanayenera kukulembera mokondwa, koma werenga kaye, undiuze ngati ndikuona zinthu molakwika.

Kumayambiriro a mwezi uno magazi a Priscilla anakwera. Anapita kukakhala ku North York kwa aChristabel, alongo awo a aSydney, kuti akhale pafupi ndi chipatala. ASydney nawonso ankagona komweko. Ine ndinatsala ndi mbuzi. Tsiku lina pafoni ndinati, “Mwanawe, ndikonze khola?” Iye anati, “Konzani zimene mungathe, Dadi, bola musanyamule zolemera.” Ine ndinamva kuti andilola.

Kuno kuli mnzanga dzina lake Bashir, Mmalawi wa ku Mangochi. Amakhala ku Scarborough m'nyumba zam'mwamba zija, ndipo amagula mbuzi kwa ife pa Idi ndi pa maukwati. Ndinamuuza kuti ndikufuna dima ngati kwathu. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma Loweruka anabwera ndi anzake a kumzikiti, ndipo a kutchalitchi kwathu anabweranso. Mowa sindinafulule chifukwa cha Asilamu. Ndinakonza thobwa, Bashir anazinga mbuzi, tinadyera mpunga.

Tisanayambe anandifunsa kuti, “Madala, kuno ngakhale chimbudzi amayamba afunsa boma. Mapepala alipo?”

Ndinati alipo, ali nawo akamwini. Ndinakumbuka mawu ako a malisiti.

Latsopano tinazika pamalo osalala m'munsi, pafupi ndi kamtsinje. Pakale paja panali simenti pansi. Tinaiphwanya ndi nyundo zazikulu, zidutswa tinathira mumsewu wolowera pafamu pamene galimoto imatitimira. Pansi pake dothi linali lakuda bii. Ndinapanga mizere n'kubzala njere zija. Bashir anati, “Inu a ku Zambia, chibwabwa ndiye chiyani? Ngati munthu akubwebweta m'tulo. Umenewo ndi nkhwani!” Ndinati, “Ukadzabwera kudzapempha udzatchula bwino.” Justin, masiku amenewo ndinali munthu. Manja anatuluka matuza ndipo ndinagona tulo tabwino koyamba chibwerere.

Loweruka lotsatira tinakhoma malata, mbuzi zinalowa, galaja ndinatsuka ndi sopo.

Dzulo aSydney anabwera. Anaima patali. Kenako anazungulira khola, anagwedeza mzati, mzati osasuntha. Anayang'ana kumtsinje, anayang'ananso khola. Anati, “Zikomo, atate. Mwagwira ntchito.” Kenako anafunsa, “Simenti ija ili kuti?” Ndinawalozera mumsewu. Anangoti, “Oo.” Anakalowa m'galimoto n'kukhala momwemo nthawi yaitali osailiza.

Kodi zikomo wotere ndi zikomo? Mwina atopa ndi matenda a mkazi wawo. Mwina sanakonde kuti ndinapha mbuzi osafunsa. Chonde undiyankhe msanga.

Mkulu wako,
Laban


Pa famu
29 Juni 1997

Justin,

Yankho lako silinafike, koma sindingadikire. Ndikhulupirira muli bwino.

Choyamba chokoma. Priscilla wachira, mwana ndi wamkazi, dzina lake Lindiwe. Mphumi ndi ya agogo ake aakazi. Uwauze onse.

Tsopano choipa. Sabata yatha kunabwera mayi wa kukhonsolo, atavala majombo, tepi yoyezera ili m'manja. Anandipatsa moni bwinobwino, anasisita kamwana ka mbuzi. Kenako anayeza kuchokera pakhola kukafika kumtsinje, analemba, n'kumata pepala pachitseko cha khola langa.

Priscilla anandikhazika pansi, mwana ali pabere, n'kundifotokozera. Akuti kuno nyumba iliyonse yaikulu, ngakhale ya ziweto, umayamba watenga chilolezo. Mapepala aja sanali malisiti, Justin. ASydney anali atayamba kupempha chilolezo choti amange pa simenti yakale ija. Akuti ukamanga pomwe panali nyumba yakale, amati wangobwezera imene inagwa, ndipo savuta. Koma ine ndasuntha. Tsopano akuti ndi nyumba yatsopano, ndipo ili pamalo oletsedwa, chifukwa ndowe zimatsikira mumtsinje, ndiponso sinoo akamasungunuka madzi amasefukira mpaka pamenepo.

Ndinati, “Ndiye tilibweze pakale.” Priscilla anati, “Dadi, pakale palibenso. Simenti ija ndiyo inali umboni.” Ndiponso akuti napo sipatali ndi madzi, ankangopalekerera chifukwa nyumbayo inamangidwa lamulo lisanabwere.

Chatsala n'kupempha chilolezo cha pambuyo, ngati mnyamata wopita kwa ankhoswe atamutenga kale mtsikana. Kuli komiti imene idzamve nkhaniyi. Ikalola, khola likhala. Ikakana, tiligwetsa ndi manja athu, ndipo mbuzi sizingapirire chisanu cha kuno popanda nyumba.

ASydney sananene kanthu. Akabwera kuntchito amakhala patebulo ndi mapu ndi mapepala, ine ndikalowa amabisa pansi pa nyuzi. Bola akanandikalipira. Munthu akakukalipira umadziwa kukula kwa mlandu wako. Tsopano ndimadya msanga iwo asanabwere, n'kupita kukakhala kukhola.

Maungu amera bwino kwambiri, ayamba kuyanga. Ndimachita manyazi kuwayang'ana.

Laban


Katete
27 Julayi 1997

Akulu anga,

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi. Yoyamba inakhalitsa ku Chipata. Za mwana takondwa, alamu anu alulutira mpaka agalu kuuwa.

Za khola, akulu, ine ndinkayesa khola ngati lathu, la mitengo ndi udzu. Simunandiuze kuti linali ndi simenti. Mukanatero mwina ndikanalankhula zina. Koma dziko lake ndi lotani limenelo, munda wako, matabwa ako, mbuzi zako, koma kuzika mtengo mpaka komiti ikhale pansi? Nanga mbalame zikamanga chisa amazilembera?

Musafooke. Mlandu wa mbuzi umatha ndi mbuzi. Sankhani yonenepa, mupite nayo kwa mayi wa kukhonsoloyo, mugwade, munene kuti ndinalakwa posadziwa. Palibe munthu wobadwa kwa mkazi amene angakane chipepeso cha nkhalamba.

Akamwini asiyeni, mtima ukhala pansi. Mwamuna akangobereketsa amakhala ngati wagwa mumtengo.

Juni wadutsa popanda jekete, koma sindikudandaula.

Justin


Pa famu
14 Seputembala 1997

Wokondedwa Justin,

Moni nonse. Atikaniza.

Ndiyambe ndi mbuzi ija. Ndinasankha tonde wonenepa, ndinamumanga chingwe, ndinaitana Bashir kuti andinyamule pa lole yake. Atamva kumene tikupita anazimitsa injini. Anati, “Madala, mukufuna tonse tikadye nyemba za boma? Kuno zimenezo amati ziphuphu. Mudzamangitsa mpaka mbuzi yomwe.” Ndinati si chiphuphu, n'chipepeso. Anati, “Ine ndikudziwa, inu mukudziwa, mbuzi ikudziwa. Koma mayi uja sakudziwa.” Anamasula chingwe yekha. Ndikanawonjezera mlandu wina pamutu pa akamwini.

Lachinayi tinapita ku komiti. Ndinavala suti ya pamaliro a mlamu wako. M'chipinda munali tebulo lalitali, anthu okhala kuseri kwake, mapu atapachikidwa pakhoma. Khola langa linali pamapupo, kabokosi kofiira pambali pa mzere wabuluu. Panaima bambo wina woyang'anira mitsinje, analankhula akuloza mzerewo. Sanakweze mawu. Palibe amene anakweza mawu.

Kenako anaimirira aSydney. Chizungu changa ukuchidziwa, n'cha moni ndi kugula buledi, ndipo cha kuno amachilankhulira m'mphuno. Koma dzina langa ndinalimva. Analitchula mobwerezabwereza, ndipo nthawi ina anatembenuka n'kundiloza ndi dzanja. Onse anandiyang'ana. Mayi wina wa imvi anapukusa mutu. Justin, ndinafuna pansi patseguke. Sindikuwaimba mlandu. Anafunika kunena amene analakwa, ndipo ananena zoona.

Mapeto ake akuti pepani, malo amenewo sangalole. Tichotse khola Okutobala asanathe.

Pobwerera m'galimoto Priscilla anati, “Dadi, mwamva mmene anakuyamikirani aSydney?” Ndinangoti ee. Mwana ameneyu ndi namwino, anazolowera kuuza odwala kuti jakisoni sawawa.

Titafika aSydney ananditsegulira chitseko cha galimoto. Anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, ine ndinaweramitsa mutu kudikira. Anati, “Samalani, atate, pali miyala.” Miyala yake ndi simenti ija.

Chibwabwa tikudya. Priscilla akuti chikukoma ngati cha mayi ake, ndipo analira atachilawa koyamba. Bashir anabwera kudzapempha ndipo anatchula bwino. Maungu abereka ambiri koma akadali anthete, ndipo m'mawa kwayamba kale kuzizira.

Usandipatsenso nzeru zina. Ungondipempherera.

Laban


Pa famu
12 Okutobala 1997

Atate aang'ono,

Ndine mwana wanu Priscilla. Muli bwanji pamodzi ndi amayi? Ife tili bwino, Lindiwe akukula, wayamba kuseka mokweza.

Ndikulemba mobisa, Dadi sakudziwa. Akufuna kubwerera kumudzi ndipo andikakamiza kuti ndibukitse tikiti ya kumapeto kwa Novembala. Akuti anyazitsa nyumba yanga. Akudya pang'ono, thalauza likuwagwa. ASydney akalowa pakhomo lakumaso, iwo amatulukira lakuseri.

Atate, aSydney sanakwiye. Poyamba zinawapweteka, sindinama, chifukwa famuyi anailakalaka zaka zambiri. Koma ku komiti kuja ananena kuti famu ndi yawo, matabwa anasiya okha osafotokoza kanthu, ndiye wolakwa ndi iwo. Anati apongozi anga anamanga kuti mkazi wanga wodwala asapume fungo la mbuzi, ndipo khola limeneli sindifuna kuligwetsa. Pamene anawaloza n'pamene ankanena zimenezo. Mayi anapukusa mutu uja anali kumva chisoni. Ndawauza Dadi kangapo, koma akuti ndikuwanyengerera ngati wodwala.

Ndinati kwa aSydney, “Auze wekha.” Akuti, “Ndiyambe bwanji? Ndikatchula za khola adzaona ngati ndikuwazenga mlandu.” Onse awiri akulemekezana mpaka nyumba yazizira. Ine ndili pakati ngati foni.

Munthu amene Dadi amamumvera ndinu nokha. Munawauza kuti asunthe khola, anasuntha. Munawauza za mbuzi, anaimanga chingwe. Sindikukunenani, atate, munafuna kuthandiza. Koma tsopano alembereni kuti akhale. Tidzaapulaya malo ena kumtunda, ndipo mbuzi tidzayambanso. Akapita, visa yawo sindikudziwa ngati adzawapatsanso, ndipo ndi chifuwa chawo chija ndikuopa kuti Lindiwe adzangowaona pachithunzi.

Chonde yankhani tsiku lomwe mulandire.

Mwana wanu,
Priscilla


Pa famu
26 Okutobala 1997

Justin,

Moni nonse. Khola lagwa kachiwiri, ulendo uno ndi manja anga.

ASydney ankafuna kuitana makina, ine ndinapempha kudzera mwa Priscilla kuti ndiphwasule ndekha, matabwa asaonongeke. Loweruka ndili pamwamba kuzula malata, ndinamva makwerero asiya kugwedera. Nditayang'ana pansi ndinaona aSydney atawagwira ndi manja onse. Tinagwira ntchito mpaka madzulo. Ine ndikatsitsa lata, iwo alandira. Mawu athu anali akuti “gwirani” ndi “ndagwira”. Misomali ndinaiwongola yonse n'kuika m'chitini.

Mbuzi zapita. Zina watenga Bashir, zina mlimi wina wa kutsidya. Pokweza tonde uja Bashir anati, “Uyu anapulumuka kukhonsolo, koma kwa ine sapulumuka.” Anafuna kuti ndiseke. Ataona kuti sindikuseka anandigwira paphewa n'kukwera lole.

Chisanu chinagwa usiku umodzi n'kuwaula maungu onse. Masamba anada ngati apsa ndi moto. Ndinang'amba dzungu lalikulu, njere zake zinali zoyera, zopanda kanthu m'kati. Mbewu ya kwathu imafuna dzuwa lalitali, la kuno silikwana.

Ndifika kumayambiriro a Disembala. Uone denga la nyumba yanga ngati likudontha. Jekete yako ndagula.

Laban


Katete
9 Novembala 1997

Akulu anga,

Musabwere. Ndikubwereza, musabwere.

Priscilla wandilembera zonse. Akamwini sanakunenezeni ku komiti, anasenza mlandu okha ndipo anakuyamikirani pamaso pa azungu. Mwana wathu sanama, akulu, mukudziwa kuyambira ali wamng'ono ankadziulula yekha akaba shuga.

Wolakwa ndine, ndinalangiza za dziko limene sindinaliponde. Ngati munandimvera pa zopusa, ndimvereninso pa ichi chimodzi. Khalani, mulere mdzukulu. Ng'ombe zanu zili bwino, nyumba siithawa. Jekete ndidzafunda bulangete.

Pitani kwa akamwini, muwayang'ane m'maso, mufunse. Kufunsa kokha.

Mng'ono wanu,
Justin


Pa famu, kumpoto kwa Brampton
15 Malichi 1998

Atate,

Ndine mkamwini wanu Sydney. Mundikhululukire, Chinyanja changa ndi cha mu Lusaka, ndipo sindinakulembereniponso. Muli bwanji? Chifuwa chili bwanji? Kuno tili bwino. Lindiwe wamera mano awiri ndipo akukwawa, amakonda kulowa m'chipinda chanu.

Kalata ya atate aang'ono yokuuzani kuti musapite inafika kuno mu Disembala, inu mutanyamuka kale. Apositi anali pa sitalaka. Priscilla anaitsegula, ndipo tsiku limenelo sanapite kuntchito.

Ndinaapulaya malo atsopano, kumtunda pafupi ndi msewu, kutali ndi madzi. Chilolezo chabwera sabata yatha. Ndachiika m'felemu.

Pali mawu amene ndinalephera kunena muli kuno. Tsiku lija munandimva ndikunena za mapepala, ndinaona kuti mwamva. Ndinafuna kukufotokozerani, koma ndinaopa kuti muona ngati mwana akuphunzitsa akulu. Ndinasiya. Ndipo tsiku ndinaona khola, ndinakhala m'galimoto chifukwa sindinadziwe mmene ndingakuuzireni, manja anu ali ndi matuza. Sindinakwiye nanu. Palibe munthu anandimangirapo chinthu chibadwire.

Matabwa anu ndinawafunditsa, sanaole. Chitini cha misomali chili m'galaja. Nthaka ifewa mu Meyi. Sindinaitane omanga. Bashir akuti anzake ali okonzeka, bola thobwa likhalepo. Tikufuna mubwere mudzamange inu. Za visa tiyesa.

Mwana wanu,
Sydney


Katete
19 Epulo 1998

Wokondedwa aSydney, mwana wanga,

Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerenga ndekha kumunda, kenako ndaiwerenganso. Chinyanja chanu chilibe vuto, ndamva mawu onse. Mupereke moni kwa Priscilla, kwa aChristabel, ndi kwa Bashir wa nkhwani. Lindiwe mumusiye azilowa m'chipindamo, koma muchotse lumo langa ndinaiwala pawindo, lakhala likundidetsa nkhawa.

Justin anandiuza zonse tsiku lomwe ndinafika, ndisanatsitse n'chikwama chomwe. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo. Tinakhala nyumba imodzi, inu ndi ine, tinagwira lata limodzi, koma kuti timvane panafunika nyanja ikhale pakati. Ndikanafunsa funso limodzi lokha mu Febuluwale muja, bwenzi mbuzi zili m'khola, ine ndili ndi mdzukulu pamwendo.

Kubwera sindingathe. Chifuwa chakula, ndipo a kuchipatala akuti ulendo wautali ndi kuzizira ndiiwale. Musauze Priscilla mwadzidzidzi, mumuuze atadya.

Musandidikire. Meyi akafika itanani Bashir. Khomo lisayang'ane kumene imachokera mphepo yozizira ija, ndipo denga likhale lotsetsereka kwambiri kuti sinoo azitsika yekha. Koma ngati pepala likunena zina, tsatani pepala.

Ndikuuzeni za kuno. Khola la ng'ombe zanga ladzaza ndowe, zikumira mpaka m'maondo. Lifunika kusuntha. Mizati ndinadula kale mu Febuluwale, malo ndinasankha. Tsiku lozika nditagwira khasu, manja anakana. Ndinapita kwa Justin kukafunsa ngati pamenepo m'pololedwa. Anaseka. Ndinapita kwa eni minda yoyandikana, ndinapita kwa alangizi a zaulimi, ndinafunsa ngakhale amayi otunga madzi kudambo. Aliyense akuti, “Nanga ife ndife yani kuti tikuletseni?” Woletsa palibe, koma wondiuza kuti zikani palibenso. Justin akuti Canada inandilodza.

Mizati ili pansi pa mtengo wa mango mpaka lero, chiswe chayamba kuilawa. Inu chilolezo muli nacho, mwana wanga. Mangani.

Ndine atate wanu,
Laban